Ndege ya Bambo

Loweruka lapitali, pa mulu wa mabuku a kaunjika mumsika wa Limbe, ndinatola buku lothothoka chikuto. Munali mawu onse a kanema wa Casablanca wa mu 1942, monga anawalembera Julius ndi Philip Epstein pamodzi ndi Howard Koch. Sindinanenerere mtengo, poti kanemayu ndi nthano ya pakhomo pathu. Bambo anga anamuonera ali mnyamata, ndipo akhala akutisimbira kuti pamapeto pake Rick amakwera ndege ndi Ilsa, mkazi wa kumtima kwake.

Nditafika pa masamba omaliza ndili mu minibasi, mutu unaima. Rick sakwera ndege ayi. Amamukweza Ilsa ndi mwamuna wake Victor Laszlo, iye n'kutsala pabwalo.

Nanga ndiwauze? Munthu wokalamba, amene Mayi anamusiya chaka chathachi, ndimulandenso ndege yake?

Poyamba ndinati choonadi sachinyengerera. Kanema yemweyu atafika ku West Germany mu 1952, anamudula mphindi pafupifupi 25. Anachotsamo a Nazi, ndipo Laszlo wolimbana nawo uja anamusandutsa wasayansi wa ku Norway. Anthu kumeneko anadikira mpaka 1975 kuti amve nkhani yonse m'chiyankhulo chawo. Nafenso kuno lumo timalidziwa: lamulo la mu 1968 linapereka mphamvu yodula kapena kuletsa makanema ndi mabuku. Ndani angakane kuti kumeneko kunali kubera anthu?

Koma kodi mabodza onse ndi amodzi? Wodula ku Germany ankakwirira mlandu wa fuko lonse, pomwe Bambo sakubisa mlandu wa munthu. Komabe ndinaona kuti ndikangokhala chete powamvera chisoni, ndiye kuti ndawayesa mwana. Lumo lija ndaligwira ndine tsopano, kusankhira wamkulu zoti amve.

Madzulo titadya nsima ndinawawerengera masambawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ukuyesa sindidziwa? Ndinamuonera katatu ameneyo. Koma munthu uja anandimvetsa chisoni. Ndinangoti pakhomo panga pano, azikwera basi."

Bukulo ndaliika m'kabati. Ana anga akadzakula ndidzawawerengera zimene zinalembedwa, osachotsa liwu ndi limodzi lomwe. Ndikadzatha, ndidzawasimbiranso za agogo awo, ndi mmene ankamukwezera Rick ndege.