Kodi Kompyuta Iziweruza Wogulitsa Wokayikitsa?

WOGULA KATUNDU WA KAMPANI: Mayi, pulogalamu yathu imaika aliyense wotigulitsa katundu m'magulu atatu: chiopsezo chochepa, chapakati ndi chachikulu. Imaona zaka za kampani, chiphaso cha msonkho cha MRA, eni ake enieni, komanso ngati ali pachibale ndi andale. Simunaiwale Cashgate ya 2013, pomwe ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yomwe boma limalipirira, kupita kumakampani omwe sanaperekepo katundu aliyense. Kufufuza munthu tisanamulipire si nkhanza.

MAYI WOSOKA MAYUNIFOMU: Kufufuzako sindikukana, bambo. Koma taonani. Kampani yanga ndi yatsopano, makina ake ndi ochepa, ndipo pulogalamu yanu inandipaka chofiira pachifukwa chomwecho. Ikufuna lipoti la oditala, pomwe ndalama yolipira oditalayo ikuposa phindu la oda yonse. Ndikamathamanga ndi mapepala, oda yapita kale kwa akuluakulu. Nanga zaka mukuzifunazo ndizitenga kuti, ngati palibe wondigula lero?

WOGULA: Wamng'ono amapwetekanso. Mu 2013 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a sitolo za Target ku America kudzera mwa kampani yaing'ono yokonza mafiriji ndi makina oziziritsa mpweya. Anaba manambala a makadi a kubanki pafupifupi 40 miliyoni.

MAYI: Kampani ija inali yoopsa chifukwa inapatsidwa mwayi wolowa m'makompyuta a Target, osati chifukwa cha kuchepa kwake. Nanga kampani ya mapulogalamu ya SolarWinds mu 2020? Inali yaikulu, yodalirika, yogulitsa ngakhale ku nthambi za boma la America, koma makasitomala pafupifupi 18,000 anatsitsa pulogalamu yake yomwe akuba anali atailowerera. Ine malaya ndimasiya pageti. Sindigwira makompyuta anu, sindiona mabuku anu a ndalama. Yezani zomwe munthu angawononge, osati kukula kwa thumba lake.

WOGULA: Pamenepo mwanena zoona. Komabe mukachotsa pulogalamuyi, chiweruzo chibwerera m'manja mwa munthu mmodzi pa desiki, ndipo mukudziwa zomwe zimatsatira: chibale ndi "ya fanta". Kompyuta silandira chiphuphu.

MAYI: Silandiradi, koma zoti iziyeza anazilemba ndi munthu, ndipo munthuyo sindimuona. Isiyeni igwire ntchito. Chomwe ndikupempha n'chakuti mundiuze chandiika m'gulu lofiira, mundionetse ofesi yokadandaulako, ndipo ndikapereka katundu wabwino pa nthawi yake, mundiunikenso.