Banki ndi yathu, chiwongoladzanja n'chochepa: ndiye si riba?



Pali kalata imene inakhala patebulo langa milungu itatu, osaiyankha komanso osaitaya. Ndimakhala ku Leicester, kuno ku UK, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Malipiro anga amalowa ku building society ina yake. Kwa inu amene muli kumudzi, iyi ndi banki ndithu, koma eni ake ndi mamembala, ife amene timasungitsa ndalama kapena kukongola kumeneko. Chaka chilichonse amatitumizira pepala loti tivote posankha oiyendetsa. Ganizirani SACCO yathu ija itakula n'kukhala ndi nthambi m'matauni ambiri.

Kalatayo inali yondiuza kuti ndikhoza kutenga credit card, khadi logulira zinthu pangongole. Chiwongoladzanja chake chinali chotsika poyerekeza ndi makhadi ambiri kuno, amene amadutsa 20 peresenti pachaka. Tiyerekeze muli ndi ngongole ya mapaundi 600. Pa 25 peresenti mumaonjezera pafupifupi mapaundi 12 ndi theka pamwezi, pomwe pa 10 peresenti ndi mapaundi 5 okha. Komanso ukabweza zonse tsiku lake lisanakwane, sulipira kalikonse. Makhadi ambiri amapatsa mpaka masiku 56. Lamulo la kuno la 1974 limatetezanso wogula ndi khadi lotere: ukagula chinthu cha pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000 wogulitsa n'kukuchita chinyengo, bankinso imakhala ndi udindo wokubwezera. Ndipo dziko lino, munthu wopanda mbiri yobweza ngongole amavutika pa zinthu zambiri.

Nthawi yomweyo achemwali anga anandiimbira kuchokera ku Mangochi kuti mayi sakupeza bwino. Ndalama ya tikiti ya ndege ndinalibe. Ndiye musaganize kuti limeneli linali funso la m'kalasi. Linali funso loti ndikawaona mayi kapena ayi.

Mumtima ndinayamba kudziikira kumbuyo ndi mfundo zitatu.

Yoyamba: awa si akatapira. Akatapira timawadziwa, amene amakupatsa K50,000 n'kufuna pafupifupi kuwirikiza pakutha pa mwezi, n'kukulandanso khadi la ATM. Awa ndi anthu aulemu. Mabungwe a mamembala kuno ali ndi mbiri yaitali. A ku Rochdale anatsegula sitolo yawo mu 1844 pofuna kuti anthu osauka azigula chakudya chabwino pa muyezo woona. Co-operative Bank, yochokera mu mzere womwewo, mu 1992 inalemba poyera mabizinezi amene siingawakongoze ndalama, monga ogulitsa zida zankhondo ku maboma opondereza anthu. Zimenezi n'zabwino, ndipo Msilamu sayenera kuchita manyazi kuvomereza chabwino pomwe wachiona.

Yachiwiri: n'zochepa. Mapaundi 5 ndi chiyani?

Yachitatu: ine ndidzabweza pa nthawi yake, ndiye chiwongoladzanjacho sichidzandikhudza n'komwe.

Titaswali Jumu'ah ndinawatsatira a Shehe n'kuwayalira zonsezi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa: "Mwana wanga, pa mamembala nonsenu, amene amalipira chiwongoladzanjacho ndi ndani?" Ndinakhala kaye chete. Amene ali nazo amabweza zonse mwezi ukatha, salipira kanthu. Amene amalipira ndi uja wachepetsedwa maola kuntchito, uja wagwa m'maliro, uja wadwazika mayi ake. Ndalama zake zimathandiza kuti bungwe liziyenda, ndiponso kuti osunga ndalama azilandira kenakake pamwamba. Tonse ndife mamembala, inde, koma ndalama ikuchoka kwa wofooka kupita kwa wamphamvu. Ngakhale mu banki m'khonde timaziona: pogawana kumapeto kwa chaka, wa masheya ambiri amaseka, pomwe wokongola chifukwa cha vuto ndi amene wadzaza thumbalo.

A Shehe anandikumbutsanso za Hajj yotsanzikana. Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) pothetsa riba ya nthawi ya umbuli anayambira pa ya m'bale wa bambo ake, Abbas. Anayambira m'nyumba mwake. Ndiye mawu oti "ndi zathu zomwe" sayeretsa kanthu.

Pa kuchepa, ndinakawerenganso ndime 275 mpaka 280 za Surah Al-Baqarah. Sindinapezemo malire akuti kufika apa ndi halali, kudutsa apa ndi haramu. Wokongoza akuuzidwa kuti chake ndi chimene anapereka basi, asapondereze ndipo asaponderezedwe. Wokongola akakhala pa mavuto apatsidwe nthawi. Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwenikweni. Khadi limati ukachedwa ulipire zambiri. Qur'an ikuti wochedwa chifukwa cha mavuto umudikire, ndipo kumukhululukira n'kwabwino koposa.

Mfundo yachitatu ndi imene ma ulama amasiyana. Bungwe la International Islamic Fiqh Academy mu 2000 linagamula kuti khadi lokhala ndi lamulo la chiwongoladzanja sililoledwa, ngakhale mwiniwake atatsimikiza kuti azibweza nthawi isanadutse, chifukwa wasainira kale lamulolo. Ma ulama ena, makamaka poona moyo wa Asilamu a m'maiko ngati ano, amaloleza kwa amene wapanikizika ndipo akutsimikiza kubweza zonse mwezi uliwonse. Ine si mufti, ndipo sindikunyoza amene akutsatira ganizo lachiwirili. Koma ndinadzifunsa moona: kodi ine ndinali m'gulu limenelo? Ayi. Ndinkafuna khadilo chifukwa ndinalibe ndalama. Tikitiyo sindikanaibweza mwezi umodzi. "Ndidzabweza pa nthawi yake" linali bodza limene ndinkadzinamiza ndekha.

Khadilo sindinatenge. Akaunti yanga ya malipiro ikadali komweko, ndimagwiritsa ntchito khadi lotapira ndalama zanga zomwe. Tikiti inapezeka motere: a Shehe analankhula ndi abale anayi a pamzikiti, anasonkha, tinalemberana papepala pamaso pa mboni monga ikulangizira ndime 282, ndipo ndinabweza pa miyezi isanu popanda kuonjezera ngakhale tambala. Mayi ndinakawaona, alhamdulillah, ndipo pano akuyenda okha.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi: bwanji abale anayiwo akanapanda kupezeka? Ife kunena kuti "haramu" timafulumira, koma kutulutsa ndalama m'thumba kuti mnzathu asagwe mu haramuyo timachedwa. Mnyamata akatenga khadi chifukwa mayi ake ali m'chipatala ndipo palibe anamuyankha foni, tchimolo tiliika pa iye yekha?

Ndipo anthu a mabungwe aja atiphunzitsa kanthu. Iwo amafunsa kuti ndalama zawo zikukagwira ntchito yanji. Ife ambiri tikangomva kuti palibe chiwongoladzanja, basi, mafunso atha. Sitifunsa ngati malondawo akufinya osauka, kapena ngati wantchito akulipidwa moyenera. Iwo agwira mbali imodzi ya chilungamo, ife tagwira ina. Chisilamu chimafuna zonse ziwiri.

Chipereganyu timachidziwa kale, ndipo mulibe riba. Chingatilepheretse n'chiyani kuti pa mzikiti uliwonse achinyamata khumi kapena makumi awiri tizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, pakhale thumba la qard hasan, lolembedwa bwino, la mamembala eni ake? Kwathu kuno tayamba ndi anthu asanu ndi awiri. N'zochepa, koma mwezi watha mlongo wina sanapite kukakongola kwina.

Inu kwanuko, m'bale akapanikizika usiku, amagogoda pakhomo pa ndani?

Allah atipatse rizq la halali, atichotsere ngongole, ndipo atipange kukhala opeputsira anzathu. Pomwe ndalakwitsa ndi ine, Allah ndiye wodziwa kwambiri.