Kodi Kudandaula Kungasinthe Kampani Yaikulu?

KWA zaka zambiri, dzina lakuti Rio Tinto linali lozoloŵereka mu Eiffel Flats, pafupi ndi Kadoma, m'Zimbabwe. Ngakhale timu ya mpira ya kumaloko inatchedwa nalo. Mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malaŵi analiwona kukhala lawolawo. Komabe, dzinalo nla mtsinje wa ku Spain, ndipo likulu la kampaniyo linali ku London.

Chotero, miyoyo ya anthuwo inadalira pa zochitika zakutali. Mgodi wa Cam and Motor unatsekedwa mu 1968, pamene golidi anali kugulidwa pa madola 35 pa aunsi. Mu 2004, Rio Tinto inagulitsa gawo lake m'kampani ya m'dzikomo, imene inadzatchedwa RioZim. Ndiyeno mu 2016, kampani ya BCL ya ku Botswana inagwa, ndipo fakitale ya Empress, imene inali kuyenga nickel yochokera kumeneko, inataya gwero lake lalikulu la ntchito. Kodi wantchito wamba akanadandaula kwa yani?

Zimene Zinachitika ku Australia

Talingalirani zimene zinagwera Rio Tinto mu May 2020. Pofuna kukulitsa mgodi wachitsulo, iyo inaphulitsa mapanga a ku Juukan Gorge, mmene anthu anayamba kukhalamo zaka 46,000 zapitazo. Eni nthaka anadandaula, manyuzipepala anafalitsa nkhaniyo, ndipo oikiza ndalama m'kampaniyo anakwiya. Mu September, kunalengezedwa kuti mkulu wake, Jean-Sébastien Jacques, adzasiya ntchito.

Kodi nchifukwa ninji madandaulo ameneŵa anamveka? Chifukwa chakuti dzina lotchuka lili chuma, ndipo kampani imaopa kuliipitsa pamaso pa dziko. Koma mantha amenewo ali ndi malire. Iwo anachotsa munthu paudindo, koma sanabwezeretse mapangawo. Ndiponso, kutsika kwa mtengo wa chitsulo pamsika sikuchita manyazi ndi aliyense.

Kodi Kuli Kwachabe?

Kutalitali! Kukhala chete kumaphunzitsa amphamvu kuti osauka alibe mtengo. Koma kudandaula kumathandiza kwambiri pamene kuchitidwa chivulazo chisanachitike, mogwirizana, ndiponso ndi umboni wowona. Motero, inu amene mukukhala pafupi ndi mgodi, dzifunseni kuti: 'Kodi ndimalankhula kokha pamene nyumba yanga yang'aluka, kapena ndimalankhuliranso mnansi wanga?' Yankho lanu lidzasonyeza ngati mukufunafuna chilungamo kapena phindu lanu lokha.