Kuona maso a nkhono n'kudekha

Ana anga okonza makompyuta, tatcherani khutu. Kompyuta imene dzulo imayenda bwinobwino, madzulo mwaiika update, m'mawa n'kukana kuyaka, sinalodzedwe ayi. Chifukwa chilipo, ndipo nthawi zambiri imachitchula yokha. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mumathamangira kufomata, n'kufafaniza mapazi a chilombo musanadziwe kuti chinali chilombo chanji. Mwezi wamawa chibweranso.

Kompyuta ya Linux siyaka kamodzin'kamodzi. BIOS kapena UEFI amadzutsa GRUB. GRUB amanyamula kernel pamodzi ndi fayilo ya initramfs, momwe muli madalaivala omuthandiza kernel kufika pa disiki. Disiki ikapezeka m'pamene systemd amayamba kuyatsa zotsalazo. Ndiye musanagwire china chilichonse, dzifunseni kuti yaima pati.

Sikirini yakuda bii siuza munthu kanthu. Pa GRUB dinani e, mufufute mawu akuti quiet ndi splash, muyatse ndi F10, ndipo mizere yonse yomwe imabisika iyamba kuoneka. Werengani modekha, makamaka yomaliza. Mukaona kernel panic yonena kuti "Unable to mount root fs", dziwani kuti kernel walephera kufika pa disiki yake. Kawirikawiri initramfs ndiye sanamangidwe bwino, mwina chifukwa /boot inadzaza, mwina magetsi anathima update ili m'kati, zomwe kwathu kuno sizachilendo. Mankhwala ake n'kulowa ndi kernel wakale, kupeza malo mu /boot, n'kumanganso fayiloyo ndi update-initramfs pa Ubuntu, kapena dracut pa Fedora.

Koma kernel wakaleyo mwamusunga? Achinyamata amakonda kunena kuti tsobola wakale sawawa, ndiye amachotsa makernel onse akale pofuna malo. Fedora mwadala amasunga makernel atatu, ndipo anthu amene anakonza zimenezo anali atavutikapo. Pa Ubuntu gwirani Shift kapena Esc poyatsa, mulowe mu Advanced options, musankhe wadzulo. Ikayaka, theka la mlandu latha: disiki ili bwino, mafayilo a mwini wake ali bwino, vuto lili mwa kernel watsopano kapena mwa dalaivala wakunja, monga wa NVIDIA, amene DKMS walephera kumumanganso. Lamulo la journalctl -b -1 likuonetsani zomwe zinalembedwa pa kuyaka kwapitako, ngati inafika poti n'kulemba.

Apa mtima umafuna kuyesa zonse nthawi imodzi, kusintha BIOS, kuzimitsa Secure Boot, kuchotsa dalaivala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sinthani chimodzi, yatsani, lembani m'kope zomwe mwaona. Mukasintha zinayi n'kuyaka, simudziwa chimene chachiza.

Musaganize kuti izi zimagwera ife a m'mashopu ang'onoang'ono okha. Pa 19 Julaye 2024, fayilo imodzi yolakwika yochokera ku CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, chifukwa pulogalamu ya kampaniyo imagwira ntchito m'kati mwa kernel. Ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinavutika, ndipo akatswiri ankayenda kompyuta ndi kompyuta, kulowa mu Safe Mode kukachotsa fayiloyo pamanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ngati mukusamala makompyuta a ofesi kapena a sukulu, update iyambe yagona pa imodzi yokha musanaipereke kwa onse.

Nanga zonse zikakhala bwino koma kernel watsopano akukanabe? Pali git bisect, chida cha mu Git, amene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 2005. Mumachiuza kuti kernel uyu amayaka, uyu sayaka, icho n'kukupatsani wapakati kuti mumange ndi kuyesa. Kuyesa kulikonse kumadula mulu pakati, moti pa zosintha 1,000 mumayesa pafupifupi ka 10 kokha n'kupeza commit yolakwayo. N'kutaya tsiku lathunthu, sindikana, chifukwa kumanga kernel pa kompyuta yakale kumachedwa. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo amene analemba kodiyo sangaone kompyuta yanu ali kutali. Mukaipeza, atumizireni nambala ya commit, mtundu wa kompyuta ndi chithunzi cha mizere yomaliza ija chomwe mwajambula ndi foni.