Buku Lobwereka ndi la Yani?

Munthu aliyense wolowa m'nyumba ya mabuku, imene masiku ano timaicha laibulale, ayenera kudzifunsa funso limodzi asanatuluke pakhomo ndi buku m'manja mwace. Funsolo ndi ili: kodi mwini wace wa buku limeneli ndani? Wina adzati ndi la Boma, wina adzati ndi la Khonsolo ya mzinda, ndipo winanso adzati popeza ndi la anthu onse, ndiye kuti liribe mwini. Funsoli lioneka lacabe, koma siliri lacabe ai, pakuti munthu amasunga cinthu molingana ndi m'mene aganizira za mwini wace. Ine ndakhala ndikubwereka mabuku m'nyumba zotere kuyambira pamene ndinatsiriza sukulu, ndipo yankho limene ndapeza ndi lakuti mwini weniweni wa buku lobwereka ndiye munthu uja amene adzaliwerenga ine nditalibweza, munthu amene sindimdziwa, ndipo kapena sindidzamuona konse.

Kubwereka si cinthu cacilendo pakati pathu. Makolo athu anali kubwerekana makasu, nkhwangwa, mitondo ndi malicero, ndipo kubwerekanako kunali ndi mwambo wace. Wobwereka khasu anali kulibweza atapala dothi lonse. Wobwereka mtondo sanali kuusiya pamvula. Akulu anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka, pofuna kucenjeza ana kuti cinthu ca mwini cifunika kucigwira ndi manja awiri koposa cako comwe. Cikaonongeka, wobwerekayo anali kupita yekha kwa mwiniyo, nakhala pansi, nafotokoza zonse ndi kupepesa. Nanga cimene cinali kumkakamiza munthu kutero n'ciani? Mbali ina unali mtima wabwino, koma mbali yaikulu anali manyazi. Mwini khasu anali ndi nkhope. Unali kukomana naye kucitsime, kudimba ndi kumaliro, ndipo ukakana kubweza cace, mudzi wonse unali kudziwa dzuwa lisanalowe.

M'laibulale mulibe nkhope yotere. Woyang'anira mabuku alemba dzina lako, adinda tsiku lobwezera, nakupatsa buku la mtengo umene kapena sungaupeze pa mwezi wathunthu, osafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Wasitolo sangapatse mlendo ngakhale paketi ya shuga pa ngongole, koma nyumba ya mabuku ikhulupirira alendo tsiku ndi tsiku. Kukhulupirirana kumeneku sikunakhalepo kuyambira kale. Ku Ulaya, m'masiku amene mabuku anali osowa ndi a mtengo woopsa, anali kuwamanga ndi maunyolo ku mashelefu, kuti wowerenga asacoke nao. Kufikira lero chalichi cacikulu ca ku Hereford, ku England, cisunga mabuku pafupifupi 1,500 m'cipinda cace ca maunyolo, ndipo alendo apita kukaona m'mene zinaliri. Lamulo lolola matauni a ku England kumanga malaibulale a anthu onse ndi ndalama za msonkho linakhazikitsidwa m'caka ca 1850. Kuno kwathu nchito ya malaibulale a Boma, imene ichedwa Zambia Library Service, inayamba m'caka ca 1962, dziko lisanalandire ufulu, ndi cithandizo ca ndalama zocokera ku Ford Foundation ya ku America. Ndipo pambuyo pace inatsegula malaibulale m'zigawo, monga ku Chipata, Kasama, Mansa, Solwezi, Mongu ndi Choma. Cotero unyolo unacotsedwa pa buku, nuikidwa pa cikumbumtima ca wowerenga.

Ndinene pang'ono za ine mwini, kuti mudziwe kuti sindilankhula zongomva. Nditatsiriza sukulu ya mishoni ndinakhala zaka ziwiri wopanda nchito, monga akhalira ambiri a inu. Kwa amalume kumene ndinali kukhala tinali anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri; munalibe thebulo, ndipo phokoso la ana ndi wailesi silinali kuleka. Laibulale inandipatsa zinthu zitatu zimene umphawi umamana munthu: mpando, bata ndi mabuku. M'mawa ndinali kuyamba ndi nyuzipepala, kufunafuna malo a nchito. Masana ndinali kuphunzira kasungidwe ka mabuku a ndalama ndi kalembedwe ka makalata a muofesi. Ndikatopa ndinali kutenga buku la nthano. M'menemo ndimo ndinakomana ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara limene linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo ndinazizwa kuona kuti cinenero ca amai wanga cikhoza kusenza mbiri ya munthu kuyambira kubadwa kufikira kufa. Nchito ya ukalaliki imene ndigwira lero ndinaipeza ndi nzeru za pa mpando umenewo.

Koma m'nyumba zomwezo ndaonanso zomvetsa cisoni. Nthawi ina, m'laibulale ina, ndinabwereka buku la masamu a ndalama mayeso ali pafupi. Nditafika pa mutu umene ndinaufunitsa, ndinapeza kuti masamba 12 anadulidwa ndi lumo. Wodulayo sanacite mwangozi. Anakhala pansi, nayesa mzere, nadula mosamala kuti woyang'anira asazindikire. Ndaona ena akubisa buku kumbuyo kwa mabuku a phunziro lina kuti akalipeze okha mawa, ena akulemba mayankho ndi inki m'mbali mwa masamba, ndi ena akusamuka nalo buku kunka ku tauni ina. Anthu amenewa si mbala za usiku. Ambiri ndi ophunzira, aulemu, amene sangatole ngakhale dzira m'khola la mnansi wao. Ndipo ali nazo zifukwa zao, zimene tiyenera kuzimva tisanaweruze.

Cifukwa coyamba ndi cakuti, "Ndi za Boma izi, Boma lidzagula lina." Pano ndilankhule monga kalaliki. Boma liribe munda wa ndalama. Ndalama zace ndizo msonkho umene udulidwa pa malipiro a atate anu, ndi umene amai anu apereka osadziwa pogula sopo. Ndiponso buku likatayika silibwera lina mawa. Payenera kulembedwa pempho, pempholo liyenda m'maofesi, lidikira ndalama za caka cina, ndipo kumeneko lipikisana ndi mankhwala a cipatala ndi madesiki a sukulu. Mabuku ena a m'malaibulale athu sanagulidwe konse, koma ndi mphatso zocokera kutali, monga kwa a Book Aid International a ku London, amene nchito yao yotumiza mabuku inayamba m'caka ca 1954. Buku lotere likapita lapitiratu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ngati munthu mmodzi aloledwa kukhala ndi buku masabata awiri, pa caka bukulo likhoza kufikira anthu 26, ndipo pa zaka 10 anthu 260. Wosunga buku limodzi m'sutukesi mwace ayesa kuti wabera Boma, koma wabera anthu 260 amenewo.

Cifukwa caciwiri ndi colemera koposa, ndipo sindicipeputsa. Mnyamata ati, "Ine ndine wosauka, mayeso ali pafupi, buku ndi limodzi, ndipo ndikalephera caka cino palibe wondilipirira kaciwiri." Ululu umenewu ndiudziwa. Koma tifunse, kodi amene adzapeza masamba odulidwa ndani? Mwana wa munthu wolemera sadzabwera, pakuti atate ace anamgulira lace. Adzabwera ndi wosauka mnzace, wa mayeso omwewo ndi mantha omwewo, amene kapena wayenda pansi kucokera ku komboni popeza alibe ndalama ya basi. Njala ikhoza kucepetsa mlandu wa munthu wotenga kwa wokhuta, koma siyeretsa munthu wolanda mbale ya wanjala mnzace. Ndiponso njira zina ziripo: kukopera ndi dzanja m'buku lolembamo, kumene kulowetsa phunziro m'mutu koposa kudula masamba, kupempha woyang'anira kuti aonjeze masiku, kapena kuitana anzako atatu ndi kuwerengera pamodzi buku limodzilo. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Cifukwa cacitatu ndi cakuti, "Buku ili palibe woliwerenga, lingodyedwa ndi ciswe, kuli bwino likhale kwa ine." Koma adziwa ndani amene adzalowa pakhomo mawa? Ku America kunali mnyamata wosauka dzina lace Andrew Carnegie, wobadwira ku Scotland m'caka ca 1835, amene anali kugwira nchito yopereka matelegalamu mumzinda wa Pittsburgh. Mkulu wina, Colonel James Anderson, anatsegulira anyamata anchito mabuku ace 400, kuti Loweruka liri lonse abweze limodzi ndi kutenga lina. Mnyamata uja atalemera ndi malonda a zitsulo sanaiwale, ndipo ndalama zace zinamanga malaibulale 2,509 pakati pa 1883 ndi 1929. Anyamata aja akadakhala osabweza mabuku, mkuluyo akadatseka khomo lace msanga. Si wowerenga aliyense adzakhala Carnegie, indedi. Koma buku lokhala cete pa shelefu liri ngati mbeu m'nkhokwe, silinafe, lidikira mvula yace.

Tsono tafika pa phata la nkhani. Ulemu wa pa zinthu za eni uli wa mitundu iwiri. Pali ulemu wa manyazi, umene ukhala pomwe pali maso a anthu, nutha masowo akacoka. Palinso ulemu wa cikumbumtima, umene ukhalabe ngakhale mumdima. Woyambawo unakwanira pamudzi, pamene onse anali kudziwana. Koma ife tikhala m'dziko la anthu mamiliyoni amene sitidzadziwana konse, ndipo tigawana nao miseu, zipatala, mipope ya madzi ndi thumba la msonkho. Dziko lotere silingaime pa manyazi okha. Laibulale ndiyo sukulu imodzi kumene munthu aphunzira kucitira cilungamo mnzace wosaoneka. M'mabuku ambiri akale a laibulale muli kapepala komamatizidwa mkati mwa cikuto, kodzala ndi masiku odindidwa. Muziyang'anitsitsa kapepala kameneko. Tsiku liri lonse lodindidwa pamenepo liimira munthu amene anasunga pangano lace, ndipo ndi cifukwa ca anthu amenewo bukulo lafika m'manja mwanu. Inu amene mwatsiriza sukulu, mawa lomwe mudzasunga makiyi a nkhokwe ya mankhwala, mabuku a ndalama za kopaletivu, feteleza wa alimi ndi galimoto za Boma. Dzanja limene linazolowera kudula masamba silidzanjenjemera pofika pa zimenezo.

Cilungamo cifuna kuti tinenenso mau kwa osunga mabuku. Poona mabuku alikutha, ena a iwo ayesedwa kutsekera mabuku abwino m'kabati ndi kuyang'ana wowerenga aliyense ngati mbala. Kutero ndiko kubwezera maunyolo aja, ndi kulanga ambiri cifukwa ca mmodzi. Buku lotsekeredwa latayika cimodzimodzi ndi lobedwa, ndipo imfa yabwino ya buku ndiyo kutha ndi manja a owerenga. Ndikadakondanso kuti nyumba zimenezi zizitsegulidwa ndi madzulo omwe, pakuti wanchito aweruka nthawi imene makomo ambiri atsekedwa; ndiponso kuti mabuku a Cinyanja ndi a zinenero zina za kwathu aculuke. A bungwe la Lubuto, amene anatsegula laibulale yao yoyamba ku Kamwala mu Lusaka m'caka ca 2007, anaitana ana ogona m'miseu, amene anthu ambiri akadawapitikitsa pakhomo. Citsanzo cimeneco citiphunzitsa kuti munthu akula m'kukhulupirika pamene wina wayamba kumkhulupirira.

Ena adzati nkhani yonseyi yatha nchito, popeza lamya ya m'manja iri ndi mabuku osawerengeka. Ndi zoona kuti intaneti yathandiza ambiri, koma ifuna ndalama ndi magetsi, ndipo sipatsa munthu mpando kapena bata. Amene asowa zimenezi ndiye afunitsa laibulale, ndipo ndi yemweyo amene tiyenera kumganizira.

Cifukwa cace, anzanga, pitani mukalembetse maina anu, ndipo muzibwereka mabuku ambiri monga mukhoza. Sambani m'manja musanatsegule buku, musapinde masamba ace, lisungeni kutali ndi mvula, mafuta ndi tiana. Tsiku likakwana libwezeni, kaya mwatsiriza kaya simunatsirize. Ngati m'nyumba mwanu muli buku la cidindo ca laibulale limene lakhalamo zaka, manyazi asakuletseni. Kalibwezeni, ngakhale pakhale kalipiro. Ndipo mabuku anu a sukulu amene mwathana nao, musawasiye kuti akakulungire zitumbuwa pamsika, koma kaperekeni kumeneko. Akulu anati kupatsa ndi kuika. Tsiku lina mwana wanu, kapena wa mlongo wanu, adzalowa m'nyumba imeneyo mayeso ali pafupi, nadzatsegula buku, nadzapeza masamba ace onse alimo.