MWERA UKAFIKA: KODI WOSUNGA ALI NDI MANGAWA KWA WOSASUNGA?

Mwezi wa Mei ukatha, ife a kuno ku Khuyu, pa chilumba cha Likoma, sitisowa munthu wotiuza kuti nyengo yachisanu yafika. Milambe iyoyola masamba ache niima yopanda kanthu pakati pa miyala. Udzu wa m'zitunda uuma. Ndipo mphepo ya mwera iyamba kuomba usana ndi usiku, pena masiku atatu, pena sabata lathunthu, nipitirira chomwecho kufikira mwezi wa Ogasiti. Pamenepo nyumba iri yonse ikhala ndi nchito zache. Amai aanika makaka a chinangwa pa matanthwe, nasunga mfutso wa nkhwani ndi khwanya m'zikwatu. Abambo alimbitsa mpanda wa dimba kuopa mbuzi, nakwera pa denga kukamanga udzu umene mphepo ifuna kuusasula. Ana atunga madzi kunyanja kuti athirire mpiru ndi matimati, ndipo m'mawa afika kusukulu manja ali m'khwapa, milomo itauma.

Koma chimene chivuta koposa pa chilumba chino ndicho nkhuni. Likoma ndi kadziko kakang'ono, ka makilomita 18 m'bwalo lache lonse, ndi ka miyala ndi mchenga. Komatu pa kalembera wa 2018 anthu a pa Likoma ndi Chizumulu pamodzi anapitirira 14,000. Mlambe suyaka bwino, pakuti thupi lache ndi lofewa ndi lamadzi. Mango tiuleka chifukwa cha zipatso zache. Motero nkhuni zambiri zidza pa ngalawa kuchokera kutsidya, ku dziko la Mozambique, ndipo zigulidwa ndi ndalama. Mwera ukakula, ngalawa zija siziwoloka. Chifukwa chache mai wanzeru agula mitolo yache nyanja ikali bata, naiunjika kuseri kwa nyumba.

Tsono ndifuna kukuuzani, owerenga okondedwa, chimene chinachitika pakhomo panga chaka chatha m'mwezi wa Julayi, pakuti chinandipatsa funso limene lindisautsabe mumtima. Tinali kuotha moto madzulo, ndipo tinamva kuodira panja. Analowa mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, msodzi, amene ndinamphunzitsa kuwerenga ali mwana. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, nati, "Aphunzitsi, ndadza ndi manyazi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi bwato liri pamtunda. Kunyumba kulibe ufa, kulibe nkhuni, ndipo wamng'ono uja ali kutsokomola." Ine ndinali pafupi kunyamuka kuti ndikamtapire ufa, koma akazi anga anandiitanira kuseri, nanena motsitsa mau, "Bambo, nkhuni izi ndinasenza ndine kuchokera kugombe, mtolo umodzi umodzi. Pamene usipa unali kufa, mnyamata ameneyu anagwira ndalama zoposa malipiro anu. Zinapita kuti? Si kumowa kodi? Ife tinadzimana, iye anasangalala. Lero tidzimanenso kachiwiri chifukwa cha iye?"

Funso ndi limenelo, abale anga. Kodi munthu amene anasunga ali ndi mangawa kwa mnzache amene akadatha kusunga, koma sanasunge? Sindinena za wamasiye, kapena wodwala, kapena nkhalamba yopanda ana. Za iwowa palibe mtsutso pakati pathu. Ndinena za munthu wamphamvu amene njala yache anaiitana yekha.

Poyamba tiyenera kuvomera kuti mau a akazi anga anali ndi chilungamo m'kati mwache. Munthu asafulumire kuwatcha kuuma mtima. Nkhokwe ya banja siiri ya bambo yekha. Muli thukuta la mai ndi chakudya cha ana. Wogawira mlendo chimene ana ache adzachisowa mawa wangosuntha njala kuichotsa nyumba ina kuilowetsa m'nyumba mwache, ndipo iye atenga chitamando pamene ena alipira mtengo. Ndiponso kupatsa kuli ndi mphamvu ya kuphunzitsa, monga ife aphunzitsi tidziwa. Mwana amene mnzache amlembera masamu tsiku ndi tsiku sadzadziwa kuwerengera. Chomwechonso munthu akaona kuti chaka ndi chaka khomo la mnansi litseguka, adzati mumtima mwache, ndivutikiranji kusunga? Ena atikumbutsanso fanizo la anamwali khumi la m'buku la Mateyu, m'mene ochenjera aja anakana kugawira anzao mafuta a nyali, ndipo sanadzudzulidwe. Zonsezi ndi zolemera, ndipo sindizitaya.

Koma nditakhala pansi kulingalira, ndinapeza zinthu zitatu zimene zilemera koposa.

Choyamba ndi ichi: amene anamwa ndalama ndi mmodzi, koma amene agona ndi njala ndi anai kapena asanu. Kamwana kotsokomola kaja sikanapite kumowa. Chisanu sichifunsa kuti wolakwa ndani m'nyumba muno. Chigwira wamng'ono ndi wofooka poyamba. Ndikakana, chilango chimene ndifuna kupereka kwa atate chigwera mwana, ndipo palibe bwalo la mfumu iri yonse limene lingatche chiweruzo chotere cholungama.

Chachiwiri chinandichititsa manyazi. Ndinadzifunsa kuti, kodi kusunga kwanga kuchokera ku nzeru zanga zokha? Malipiro a mphunzitsi ndi ochepa, inde, koma sayang'ana mphepo. Mwera uombe kapena uleke, mwezi ukatha ndiyembekeza kanthu. Munda wa msodzi ndi nyanja, ndipo nyanja ipatsa zambiri sabata lino nimana konse sabata lamawa. Kusunga ndalama zimene zidza monga chigumula ndi kovuta koposa kusunga zimene zidza monga madontho. Sindinena kuti mnyamatayo sanalakwe, analakwa ndithu. Koma ine amene sindinayesedwe ndi yeso lache ndiyenera kuchepetsa mau anga pomweruza.

Chachitatu ndi chakuti palibe munthu, angakhale wochenjera chotani, amene kukonzeka kwache kumkwanira. Nyanja yathu yomweyi yatiphunzitsa zimenezi ndi misozi. Bishopu Chauncy Maples, mmodzi wa iwo amene anakhazika Mishoni pa chilumba chino, anaidziwa nyanja zaka zambiri. Koma pa 2 Sepitembala 1895, pobwerera ku nchito yache atangodzozedwa ubishopu, namondwe anagubuduza ngalawa yache, namira. Pa 30 Julayi 1946, m'kati mwa nyengo ya mwera, sitima ya Vipya, yatsopano ndi yachitsulo, inamira chakumpoto kwa nyanja, nitenga miyoyo ya anthu 145. Ngati mphepo itha kugonjetsa zotere, nanga mulu wanga wa nkhuni ndi chiani? Moto ungaunyeketse usiku umodzi. Nthenda ingathe ndalama zanga mwezi umodzi. Ndiponso taonani chilumba chathu chonse: chimanga chathu chambiri chidza pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay, nkhuni zichokera kutsidya, ndipo sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, ikachedwa, wosunga ndi wosasunga yemwe ayang'ana kunyanja ndi nkhope imodzi. Angakhale tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Chipyela, chimene anayamba kumanga m'chaka cha 1903, miyala yache inali ya pompano, koma mitengo yache inaoloka nyanja. Ife a pa Likoma tiri anthu okhala ndi moyo chifukwa ena satitsekera khomo. Kodi ife ndife oyenera kutsekera mnzathu?

Nanga fanizo la anamwali lija? Ine ndiyesa kuti mafuta aja aimira kukonzeka kwa mtima, chinthu chimene munthu sangathe kuthirira mnzache angakhale afune. Chikhulupiriro changa sindingakupimire m'botolo. Koma ufa ndingakupimire m'mbale. M'chaputala chomwecho, pambuyo pache, Ambuye aweruza anthu pa nkhani ya kudyetsa anjala ndi kuveka ausiwa, ndipo sitimva kuti anafunsa ngati anjalawo anali osamala. Tikumbukirenso Yosefe m'dziko la Aigupto, amene anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri kuti nkhokwe zidzatseguke m'zaka za njala. Kusunga kumene kulibe tsiku lotsegula ndi umbombo wovala malaya a nzeru. Makolo athu anaziona zomwezi pamene anati kupatsa n'kuika: nkhokwe yosapsa ndi moto ndi imene uika m'mitima ya anansi ako.

Koma nkhani ya Yosefe iri ndi chenjezo linanso, limene sitilitchula kawirikawiri. Njala itakula, anthu a ku Aigupto anapereka ndalama zao, pambuyo pache zoweta zao, potsiriza minda yao ndi matupi ao omwe, kuti alandire chakudya. Wosunga ali ndi mphamvu pa mnzache m'nyengo yachisanu, ndipo mphamvu imeneyo ingasanduke khoka lokokera anthu. Tawaona ena amene abwereketsa mbale imodzi ya ufa mu Julayi nafuna ziwiri mu Okutobala, kapena agwira ukonde wa munthu chikole pa mtengo wa mitolo itatu ya nkhuni. Ameneyo apindula ndi chisanu cha mnzache, ndipo tchimo lache liposa la uja anakana poyera.

Motero yankho langa ndi lakuti inde, mangawa alipo. Koma kapatsidwe kache kafuna nzeru, kuti chilungamo chija cha akazi anga chisatayike. Ndiona malamulo anai.

Upatse chimene chiri chako, ndipo ngati chiri cha banja, upangane ndi banja. Apa ndipo ndinalakwa ine, pakuti ndinali pafupi kupatsa thukuta la mnzanga osamfunsa, ndi kudziyesa wachifundo pa mtolo umene sindinausenze.

Upatse mwa muyeso: cha lero ndi mawa, chokwanira kuti ana asagone ndi njala, osati chokwanira kuti atate aiwale kuti nyengo yachisanu iriko.

Upatse mosachititsa manyazi, ndipo ngati kutheka, utsegulire munthu njira yobwezera ndi manja ache, pakuti munthu wamphamvu amene angolandira amayamba kudana ndi wompatsayo, ndi kudzipeputsa yekha.

Ndipo unene zoona, koma uzinene munthu atadya. Uphungu woperekedwa kwa wanjala umveka ngati mtengo wa ufa. Woperekedwa kwa wokhuta umveka ngati chikondi. Kukhala chete konse ndi mantha, si chifundo ai.

Usiku uja tinapangana ndi akazi anga. Iwo okha anapima ufa wa kondowole wa masiku awiri, nasolola nkhuni zisanu ndi chikwatu chimodzi cha mfutso, nati kwa mnyamatayo, "Mwana wanga, tenga ukapatse amake mwana. Mphepo ikaleka ubwere, denga la khitchini lifuna munthu wosaopa kukwera." Anabwera, namanga denga, ndipo tiri pamwamba pomwepo ndinalankhula naye za ndalama za usipa. Anamvera mwaulemu. Sindinganene kuti wasandulika munthu watsopano. Chaka chino wagula nkhuni nthawi ikalipo, koma njira ya kumowa sanaiiwale konse. Ndiponso ndisabise kuti wina amene tinamthandiza chomwecho zaka zapitazo sanabwerenso, angakhale kudzapereka moni. Kupatsa sikulonjeza kuti udzakolola pa munda womwewo. Komabe ana a nyumba ziwiri zija anaotha moto, ndipo chimenecho chokha chikwanira kuti tisadandaule.

Tsono pamene mwera wayambanso kuomba, ndipempha inu amene muli kuunjika nkhuni ndi kuanika makaka kuti muchite chinthu chimodzi. Powerenga mitolo ya nyumba yanu, muonjezepo umodzi, nimuutche wa mnansi kuyambira tsiku lomwelo. Mukatero, wopempha akadzaodira simudzakangana m'nyumba, pakuti mudzangompatsa chimene munamuikira kale. Ndipo inu anyamata a kunyanja, pamene usipa uli kufa, kumbukirani kuti Julayi ali m'njira, ndi kuti mai amene adzakupatsani nkhuni anazisenza pamutu pache. Tonse pamodzi tibzale mitengo mvula ikadza, ndi kuitchinjiriza kwa mbuzi, kuti adzukulu athu adzakhale ndi chogawana.