Kodi Wogula Mandasi Wapereka Thandizo?

Sabata ino tisanapitirire ndi phunziro lathu, tiyeni tilingalire limodzi funso limene linabadwira pa tebulo la mandasi ku Senga Bay. Likuoneka laling'ono, koma ena mwa ife lakhala likutivutitsa mumtima mpaka lero.

Tonse tikukumbukira Marichi 2023. Namondwe wa Freddy anayambira kutali, kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yonse ya India, kenako patatha masiku oposa 30 chiyambireni n'kulowa kwathu kudzera ku Mozambique. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu omwe. Ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje madzi anakokolola midzi, minda ndi milatho. Pa 13 Marichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chagweredwa ngozi. Anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, ena oposa 500 sanapezeke n'komwe, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala, ambiri n'kukadzazana m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Ife kuno ku Salima tinangomva pa wailesi ndi kuona zithunzi pa foni. Pamalo ena ogona alendo, pamene ena mwa ife timagwira ntchito, tinagwirizana kuti Lachisanu tiike tebulo pa geti. Aliyense wodziwa kuphika abweretse chimene angathe: mandasi, zitumbuwa, chigumu, masikono ndi thobwa. Ogula akhale antchito anzathu, alendo, a kabaza ndi asodzi obwera kuchokera kunyanja. Ndalama zonse zipite kwa ovutika kummwera.

Tisanayambe n'komwe, bambo amene amasunga mabuku a ndalama pa ntchitopo anatiimitsa. Anati: "Amayi ndi abambo, ndifunseko. Ufa, shuga, mafuta ndi makala tigula ndi ndalama. Bwanji osangosonkha ndalamazo n'kutumiza? Nanga munthu akagula mandasi n'kudya yekha, wapereka chiyani? Si wangogula chakudya chake?"

Ena anang'ung'udza, poganiza kuti bamboyo akungofuna kufooketsa anthu. Koma funso lake linali lachilungamo, ndipo funso lotere sitiliyankha ndi mkwiyo. Tiyeni tiliunike bwinobwino.

Tiyerekeze kuti zophikira zonse zadya K30,000, ndipo pogulitsa tapeza K45,000. Chimene tsiku lonse la utsi ndi thukuta lawonjezera ndi K15,000 yokha. Kukanagwa mvula, kapena mandasi akanatsala, tikanatha kupeza zochepa kuposa zimene tinalowetsa. Komanso boma ndi mabungwe ataunika, anapeza kuti Freddy anawononga zinthu zoposa madola 500 miliyoni a ku America. Beseni la mandasi pafupi ndi chiwerengero chotere lili ngati kapu ya madzi yothira m'nyanja ya Malawi. Tikangoyang'ana masamu okha, bamboyo sanalakwe.

Amene anamuyankha anali mayi wina wosesa m'zipinda. Anayankhula motsitsa mawu: "Bambo, ine ndalama ndilibe, mwezi sunathe. Mukayendetsa pepala la msonkhamsonkha, dzina langa likhala lopanda kanthu. Koma manja ndili nawo, nthochi zapsa kunyumba, ndipo zitumbuwa ndimazidziwa."

Apa ndi pamene masamu aja anali asanafike. K15,000 yowonjezera ija sinagwe kumwamba. Inachokera m'manja ndi m'tulo ta anthu amene anadzuka tambala woyamba kukoleza mbaula. Kugulitsa zophikaphika ndi njira yosandutsira luso ndi nthawi kukhala ndalama, ndipo luso ndi nthawi ndi chuma chimene ngakhale wolandira malipiro ochepa ali nacho. Pepala la msonkhamsonkha limaika dzina la bwana ndi dzina la mlonda pamzere umodzi, pambali pa dzina lililonse n'kulemba ndalama, ndipo aliyense wowerenga amayerekeza. Beseni la zitumbuwa silinena kuti uyu wapereka zambiri, uyu zochepa. Limapatsa wosauka mwayi wokhala wopereka, osati wongolandira nthawi zonse. Mwayi umenewu ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo kumuchotsera ndi kumuchepetsa.

Nanga wogula uja? Pa tebulo lija tinaona ogula a mitundu itatu. Msodzi wina anagula chifukwa cha njala, sanafunse n'komwe kumene ndalama zikupita. Mnyamata wa kabaza anagula mandasi awiri, nasiya chenji, n'kunyamuka osanena kanthu. Munthu winanso anagula thumba lonse, koma anayamba waonetsetsa kuti wajambulidwa. Kwa mwana wogona pansi m'kalasi ku Phalombe, ndalama za anthu atatuwa n'zofanana. Bulangete logulidwa ndi ndalama ya wodzitama limafunda chimodzimodzi ndi logulidwa ndi ndalama ya wodzichepetsa. Koma anthu atatuwa sanabwerere kwawo ndi chinthu chofanana. Woyamba anakhuta. Wachitatu anapeza chithunzi. Wachiwiri yekha ndi amene anachita zimene mtima wa munthu umakula nazo: kusiya chako osayembekezera kutchulidwa.

Choncho ntchito yothandiza ili ndi miyeso iwiri. Woyamba ndi wakuti: kodi chafika kwa wovutikayo n'chiyani? Wachiwiri ndi wakuti: kodi ntchitoyi yatisandutsa anthu otani? Muyeso umodzi sufafaniza unzake. Cholinga chabwino chimene sichinafikitse ngakhale sopo mmodzi sichinathandize aliyense. Ndipo thandizo lofika ndithu, koma loperekedwa modzikuza kapena mopondereza ena, lapindulitsa wolandira n'kusiya woperekayo ali wosauka kuposa kale.

Tsono tivomereze pamene ifeyo tinalakwa, chifukwa phunziro lalikulu lili pamenepo. Patapita sabata, tinazindikira kuti mayi wina wochapa zovala, amene madzulo amagulitsa mandasi pakhomo pake kuti aonjezere malipiro, sanakazingenso. Titafunsa mwakachetechete, tinamva kuti ufa ndi mafuta zimene anaphikira tsiku lija unali mpamba wa geni yake. Sanauze aliyense, ndipo ife sitinafunse. Amene amalandira zambiri pakati pathu anagula mandasi angapo n'kudya, pamene iye anapereka chakudya cha ana ake cha masiku akutsogolo. Beseni lomwelo limene linabisa umphawi wa wina kuti asachite manyazi, linabisanso kuti katundu wolemera kwambiri wasenzedwa ndi wofooka. Tinasonkha n'kumubwezera mpamba wake, koma tinali tachedwa, ndipo poyamba anakana chifukwa cha manyazi.

Cholakwa chachiwiri chinali m'mawu athu. Pa bolodi la zidziwitso tinalemba ndalama zonse zimene tinagulitsa ngati kuti ndizo tatumiza, osachotsera zimene tinabwezera ena ogula shuga ndi makala. Palibe amene anaba. Tinangofuna kuti chiwerengero chioneke chachikulu. Bambo wa mabuku uja ndi amene anabweranso n'kunena kuti, "Abale anga, zalembedwazi si zoona." Tinafufuta n'kulemba zenizeni. M'buku loyamba la maphunziro athu tinaphunzira kuti kunena zoona ndi maziko a makhalidwe ena onse. Tsiku limenelo tinaona kuti ngakhale chifundo chikhoza kuima pa bodza laling'ono, ndipo anthu akatulukira bodzalo, ulendo wina sagulanso.

Kuchokera pa zolakwa zimenezi, taona kuti ntchito yotere imakhala yolungama pakachitika zinthu zingapo. Pakhale kukambirana poyamba, pomwe wosesa ndi bwana ali ndi mawu ofanana, ndipo pagwirizanidwe poyera kuti zophikira agula ndani. N'koyenera kuti olandira zambiri agule ufa ndi mafuta, pamene ena akupereka manja. Pasakhale kukakamiza, ngakhale kwa maso okha. Bwana akaima pa tebulo n'kumayang'ana amene sanagule, chimenecho chasanduka msonkho. Ndalama ziwerengedwe ndi anthu osachepera awiri, zilembedwe zolowa ndi zotuluka, ndipo zidutse njira yodziwika, monga bungwe la Malawi Red Cross Society kapena nthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi ya DoDMA kudzera ku ofesi ya DC, risiti n'kuikidwa poonekera. Tifunsenso chimene ovutikawo akusowa, osati chimene ifeyo chikutisangalatsa kutumiza. Ndipo chakudya chikonzedwe mwaukhondo. Nthawi ya Freddy mliri wa kolera, umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unali usanathe, ndipo madera a m'mphepete mwa nyanja ngati kwathu kuno unawakhudza kwambiri. Madzi a thobwa osawiritsa bwino akanatha kudwalitsa mnansi wathu m'dzina lothandiza wakutali.

Patsala funso la kapu ya madzi ija. Ngati zimene tapeza n'zochepa chonchi, tivutikirenji? Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ndipo mawa lija silinachedwe. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota lomwe tayandikana nalo, anthu zikwizikwi n'kusowa pokhala. Chaka chomwecho nyanja inadzaza kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwake, kuphatikizapo kuno ku Salima. Mwambiwu ndi woona. Komabe tikamathandiza pongoyembekezera kudzabwezeredwa, ndiye kuti tikusungitsa chabe. Nanga amene sadzatha kutibwezera? Chifukwa chozama ndi chimene timabwerezabwereza m'gulu lino: mtundu wa anthu ndi umodzi, ngati thupi limodzi. Chala chikapsa, dzanja linalo silifunsa kuti lidzalandira chiyani. Limangothamangira. Beseni la mandasi silingamange mlatho wa ku Mulanje, koma limatiphunzitsa kusaona tsoka la Mlomwe wa ku Phalombe kapena Msena wa ku Nsanje ngati nkhani ya pa wailesi. Anthu ozolowera kuchita zazing'ono pamodzi ndi amene amatha kudzachita zazikulu pamodzi.

Pali chitsanzo china cha m'mphepete mwa nyanja, ngakhale ndi nyanja yakutali. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, ku Palestine kunagwa njala yoopsa, ndipo mu 1915 dzombe linawononga mbewu. 'Abdu'l-Bahá anali atalimbikitsa alimi a Chibaha'i okhala kufupi ndi nyanja ya Galileya, makamaka a mudzi wa 'Adasiyyih, kulima ndi kusunga tirigu. Njala itakula, tiriguyo anatumizidwa ku Haifa ndi ku 'Akká n'kugawidwa kwa osauka, osayang'ana chipembedzo chawo. Mu 1920 boma la Britain linamupatsa ulemu wapadera chifukwa cha ntchitoyi, koma Iye sanayende nalo dzina laulemulo. Tione zinthu ziwiri. Thandizolo linakonzedwa njala isanafike pachimake, ndipo kutchuka sikunali cholinga chake. Ife tinaphika tsiku limodzi, zithunzi za pa foni zili zatsopano. Patatha miyezi itatu, anthu ambiri a kummwera anali asanamangebe nyumba, koma tebulo lathu linali litabwerera kale m'sitolo.

Ndiye kodi wogula mandasi wapereka thandizo? Yankho lathu ndi lakuti ndalama yake yathandiza ndithu, koma ngati iye mwini wapereka, akudziwa ndi mtima wake, ndipo si ntchito yathu kumuweruza. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti tebulo limene tamuikira ndi lachilungamo: kuti wosauka sanasenze katundu wa wolemera, kuti chiwerengero cholembedwa n'choona, ndi kuti chifundo chathu sichithera pamodzi ndi mandasi omaliza. Bambo wa mabuku ndi mayi wa zitumbuwa onse ananena zoona. Tikanamvera mmodzi yekha, tikanataya theka la nzeru.

Mvula ikubweranso, ndipo sitidziwa kumene madzi adzalowere ulendo uno. Tiyeni tikambirane mafunso awa m'magulu a anthu awiriawiri, kenako tibwerere pamodzi:

1. Kumalo kumene timagwira ntchito, kapena pa doko, kumsika ndi kusukulu, ndani amene njira yathu yosonkhera thandizo imamuchititsa manyazi kapena kumusiya kunja?

2. Kodi tinayamba tafunsapo mnzathu wophika kapena wothamangathamanga kuti ntchito yothandiza yamudyera zingati?

3. Kujambula ndi kufalitsa zimene tapereka kungalimbikitse ena. Kungakhalenso kudzitama. Tingasiyanitse bwanji ziwirizi mumtima mwathu?

4. Kodi ndi chiyani chimodzi chimene gulu lino lingayambe mwezi uno, tsoka lisanagwe, kuti tsiku la ngozi lidzatipeze tili ndi poyambira?